Chithunzi cha Keke ya Mai Kudzai

Anakumana pa siteji ya makombi, maminibasi a ku Chinhoyi, mvula ikuwaza. Selina anali atafukatira chikwama cha laputopu ngati khanda. Mnyamata wina anapendeketsa ambulera yake kuti chikwamacho chisanyowe, phewa lake n'kumanyowa. Selina anaona zimenezo, nazisunga mumtima.

"Ndine Collen. Nanga mwana mwafukatirayu mumagwira naye ntchito yanji?"

"Ndimathandiza amabizinesi kuti munthu akafufuza pa Google aziwapeza msanga."

"Ndiye ntchito mumaidziwa! Ine sindinafufuze n'komwe, koma ndakupezani."

Selina anaseka. Ndani sakanaseka?

Ntchito yakeyi ankaifotokoza mosiyanasiyana. Bambo ake, a Lazalo, amene anakalambira m'minda ya fodya, anamufunsa kwawo kukomboni, mudzi wa antchito a pafamu, kuti amalima chiyani m'kompyutamo.

"Bambo, mukukumbukira mayi akugulitsa matimati pamsewu? Amene tebulo lake lili pomwe kombi imaima ndi amene amagulitsa. Ine ndimasuntha tebulo la munthu kuti lifike pamenepo."

Lamlungu a Lazalo anauza tchalitchi chonse, chifuwa chili panja: "Mwana wanga amanyamula matebulo a pa intaneti!"

Kwa Mai Kudzai, ophika makeke m'tauni, Selina ankalankhula mwina. "Mai, patsamba lanu mwalemba kuti 'zokoma za mtima'. Palibe amene amafufuza zimenezo. Anthu okonzekera mwambo wa malowolo amalemba kuti 'keke ya roora Chinhoyi'. Tiike mawu awowo pansi pa chithunzi chilichonse."

Patapita miyezi itatu, tsamba la Mai Kudzai linali loyamba pa Google. Kuyambira pamenepo, Selina akafika ankapeza tiyi ali kale patebulo.

Collen yekha sanafunsenso za ntchitoyo. Ake anali mauthenga basi. "Wadzuka bwanji, uchi wanga?" "Popanda iwe ndine kombi yopanda mafuta." Analowa kwaya ya kukomboni, ndipo tsiku lina anagwada pamaso pa a Lazalo. "Bambo, Isitala ikadutsa, amalume anga abwera kuno."

Selina sanauze anthu ambiri. Anangouza Mulungu, m'mawa uliwonse.

Lolemba lina Mai Kudzai anamupatsa foni yawo. "Mwanangu, zithunzi za Loweruka izi. Kunali roora ku Banket. Keke yosanja katatu, sindinaphikepo yokongola chonchi!"

Selina anatsegula. Kekeyo inalidi yokongola. Kumbuyo kwake kunaima mtsikana wovala zobiriwira, ndipo amene anamugwira dzanja pampeni anali Collen.

Collen! Amene Loweruka lomwelo analemba kuti, "Ndili kumaliro, undipempherere, duwa langa."

Ndipo iye anamupemphereradi!

Mai Kudzai anayang'ana nkhope ya Selina, nayang'ananso chithunzicho. Anangokoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Chimenechi tichisiye, mwanangu."

Selina anapukuta maso. "Ayi, Mai. Mwagwira ntchito masiku atatu. Keke sinalakwe. Mkwatibwiyo dzina lake ndani? Ndisalembe molakwika."

"Shylet."

Analemba mawu oyenera, nachepetsa chithunzicho kuti chizitseguka msanga ngakhale pafoni ya kukomboni kumene netiweki imavuta. Sanaphonye chilembo ngakhale chimodzi.

Pasanathe milungu iwiri, amayi a kwaya anachipeza akufufuza keke ya ukwati wa mwana wa abusa. Masana omwewo Collen anatulukira pasitolo ya Mai Kudzai, thukuta lili kamukamu.

"Selina, mtima wanga, ndikufotokozera zonse! Anandikakamiza azakhali. Koma chichotse kaye chithunzi chija. Akulu a mpingo andiitana!"

Selina anatseka laputopu pang'onopang'ono.

"A Collen," anatero, ndipo ulemuwo unamubaya mnyamatayo kuposa chipongwe. "Ntchito yanga ndinaifotokozera bambo anga osadziwa kuwerenga, anaimva. Ndinafotokozera Mai awa, anaimva. Inu nokha simunafune kuimva. Mvetserani tsono. Munthu akafunsa funso, ine ndimaonetsetsa kuti yankho loona lili pamwamba. Kubisa sindinaphunzire."

"Ndiye undisiya ndichite manyazi?"

"Pitani kwa akulu. Mukachoka kumeneko mudutse kwa bambo. Akudikirabe amalume anu."

Anatsegulanso laputopu. Mai Kudzai anaima pakhomo atagwira chitseko, mpaka Collen anatuluka.