Dzina la Kumapeto kwa Filimu

Fausto Sailesi wa ku Mualadzi ankajambula maukwati ndi kamera yakale, malipiro ake n'kukhala chidebe cha chimanga. Umphawi ankaupirira. Chinkamudya mtima ndi Orlando, mnzake wa kusukulu, amene masewero ake ankaonetsedwa pa televizau ku Tete. Orlando yemweyo, woti kamera ankaigwira ngati khasu.

Tsiku lina masana anapalasa njinga mpaka ku Cassacatiza, kwa a Hezekiya, sing'anga wokhala kuseri kwa malo oimika malole.

"Mukufuna dziko lizikuonerani," anatero a Hezekiya, akupaka mafuta akuda pa kamera ija. "N'zosavuta. Filimu ikamatha, paja mumalemba mayina?"

"Inde, ndi okumbukira amene anatisiya."

"Pamenepo. Filimu iliyonse muzilembapo dzina la m'bale wanu wamagazi. Wamoyo."

"Nanga iyeyo zimuthera bwanji?"

"Mwati pamenepo mumalemba ayani?"

Fausto anamvetsa. Koma kamera anainyamula.

Anayamba ndi amalume ake, akudzitonthoza kuti anali odwaladwala kale. Filimu inagulidwa, amalume anaikidwa sabata yomweyo. Yachiwiri inatenga msuweni wake, yachitatu mng'ono wake. Galimoto inabwera, nyumba ku Tete inabwera, Orlando anayamba kumunyamulira mawaya. Kumaliro Fausto ankabwera ndi bokosi lokongola, ndipo anthu ankamuyamika, osadziwa kanthu.

Pofika filimu yachinayi wamagazi anatsala mmodzi: Marcelina, mlongo wake amene anamulera, yemwenso ankasamala Celma, mkazi wa Fausto, amene anali woyembekezera kumudzi. Apa mtima unakana. Anaganiza zochenjera, nalemba dzina la mayi ake, Custódia, amene anamwalira kalekale. Wakufa safanso kawiri.

Fausto akamalumikiza filimu ankadzitsekera m'chipinda, foni yozimitsa, kaya masabata awiri. Anaiyatsa m'mawa filimu itaonetsedwa kale, napeza uthenga wa mawu wa Marcelina wa masiku anayi apitawo.

"Achimwene, mukusowatu. Alamu achira, mwana ndi wamkazi, watuluka m'chikuta lero. Poti inu kulibe, dzina ndapereka ine monga azakhali ake. Ndi Custódia. Amayi abwerera pakhomo."

Anathamangitsa galimoto osaima. Atafika ku Mualadzi anapeza masamba ataikidwa kale pamsewu, polowera kwawo. Mwanayo sanamuone nkhope.

Lero mukafika pamsika wa Chifunde mumupeza, nsanza zokhazokha, akusuzumira anthu pakati pa zala zake, akunong'ona kuti, "Dulani pamenepo, tiyambirenso." Palibe chimayambiranso. Ine ndikamuona chisoni chimandigwira, koma chisoni chenicheni ndi cha Celma.

Chuma cha mankhwala sichinamizika, abale anga. Dyera likakulowetsani kwa sing'anga, mumasankha nokha woyamba kufa, koma wotsiriza amakusankhirani.