Nkhope ya Yudasi Pakhoma

Madzulo amenewo Ambrose ankatsuka maburashi ake kuseri kwa katchalitchi ka m'mudzi wina ku Utale, akuimba mluzu ngati sitima yamoto. Anali pa tchuthi kuchokera ku sukulu ya zojambulajambula ku Uganda, ndipo anabwera ndi matama oti ng'ombe ziwiri sizingakoke. Ukangomupatsa moni, basi wayamba za azungu akufa kalekale amene ankajambula madenga a matchalitchi atagona chagada. Pofuna kuonetsa kuti sanapite kukadya nthochi chabe, analonjeza kujambula Mgonero Womaliza pakhoma, atumwi onse nkhope za anthu a m'mudzimo.

Abale, anthu anakanganirana malo! A Chester ogulitsa matemba anati, "Ine Petulo basi, koma mphunoyi uichepetseko." A Wadson, a mano awiri okha m'kamwa, analowa Yohane. Nanga Yudasi akanavomera ndani? Pamalo pake Ambrose anangosiyapo mutu wopanda nkhope, woyera ngati dzira.

Kutacha, padzirapo panali khutu. Ambrose anaseka, koma atanunkhiza chiseko chinauma. Sinali penti. Linali fungo la dothi lofukulidwa kumene kumanda. Tsiku lomwelo a Chester anagwa pamsika, mutu m'dengu la matemba, osadzukanso.

Ambrose anapakapo laimu. Khutu linabwerera, litatengana ndi chibwano. A Wadson anapita kukamweta udzu, anakawapeza atauma gwa, chikwakwa chili m'manja. Atumwi otsalawo anabalalika kuposa a m'Baibulo, Andireya mpaka anakafika ku Nselema ndi mbuzi zake. Odutsa pafupi ndi tchalitchi ankamva kuti kwee, kwee, ngati zikhadabo zikukanda khoma, koma chitseko chili chotseka.

A Pitala, atsibweni ake a Ambrose amenenso anali akatekisi, anamugwira pamkono.

"Sitima ya ku Balaka uyiiwale. Sutuluka muno mpaka nkhopeyo ikwanire, timuone akutidyayo."

"Atsibweni, sukulu ikutsegulidwa!"

"Iyayi. Mpandowo unamusiyira ndiwe. Mudikire akhalepo."

Anamutsekera m'tchalitchimo, amuna a zibonga atazungulira panja. Amayi ake a Sabina ankamupatsira chakudya pazenera. M'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo fungo lija linkamatirira kukhosi. Matama onse anasungunuka. Akayang'anitsitsa khoma, zii. Akangophethira, chawonjezeka: nsidze, mlomo wam'munsi, diso limodzi lomuyang'ana iye.

"Yakwanira?" ankafunsa a panja.

"Pang'ono, akuluakulu."

"Ikakwanira ukuwe. Nkhuni tatola kale."

Dzuwa lili paliwombo, patsaya la Yudasi panatuluka mphini ziwiri zopingasa. Ambrose anazizindikira nthawi yomweyo. Mphini zimenezo ankazisisita ndi chala ali mwana, akuyamwa. Nkhopeyo inali ya a Sabina.

"Wangoti chete bwanji? Tikutsegula!"

Ambrose anatola burashi. Anaweramira m'beseni la madzi nadziyang'ana, kenaka n'kuyamba. Zonse zimene anaphunzira ku Uganda zinathera pamenepo, dzanja likuthamanga, thukuta likulowa m'maso. Anakwirira mphini zija, nakulitsa chipumi, naikapo tindevu take tomwe ankanyadira. Sanajambulepo chinthu chokongola chotero chibadwire.

Chitseko chinatseguka. Anthu anayang'ana khoma, nayang'ana Ambrose. A Pitala anakhala pansi okha.

"Mtengeni!" wina anakuwa.

A Sabina anadutsa pakati pa zibonga, nagwada, akugudubuzika ndi kulira mpaka amuna aja anachita manyazi.

"Musandiwotchere mwana! Mpatseni ine. Ndimutsekera kuchipinda, sadzaonanso msewu."

Amunawo anavomera. Anam'manga manja ndi luzi, nsonga yake n'kupatsa mayiyo. Ali m'njira, a Sabina anapukuta misozi ndi nsalu, nkhope ili mbee ngati sanalirepo. Anakoka luzi lija pang'ono.

"Wajambula bwino, mwanangu," anatero monong'ona. "Tiye kunyumba. Ku Uganda kunali kutali."