Ankhoswe Osatopa

Ng'anjo ya ku Nchalo inkameza ndere zobiriwira m'mawa, pofika masana n'kumatulutsa mafuta oyera mbee. M'chaka cha 2074, kumene kale kunali minda ya nzimbe kunali maiwe okhaokha, ndipo timaboti topanda woyendetsa tinkazungulira mmenemo tikukokola ndere.

Ndere zouma zikatenthedwa popanda mpweya sizipsa, zimasanduka nthunzi. Nthunziyo ikazizira yokha imapereka mafuta akuda, owawasa, odya injini ngati dzimbiri. Choncho isanazizire inkadutsa m'timibulu toyera tonga mikanda, timene tinkachotsa okosijeni ndi nayitirojeni, koma ito osasanduka mafuta. Dzina la timibuluto linakanika m'kamwa mwa anthu, mpaka wantchito wina anaponyera anzake ndagi: "Ndimalowa m'banja kukakonza, koma ine sindikwatiramo." Onse anati ndi nkhoswe. Dzina linamata pomwepo.

Ankhoswe akale ankatopa. Mwaye unkawakuta pang'onopang'ono, ndipo sabata ikamatha ng'anjo inkalankhula ndi mawu ofatsa a kompyuta yake kuti, "Ankhoswe atopa." Inkazimitsidwa tsiku lathunthu kuti mwayewo uwotchedwe. Tsiku limenelo maboti ankaima, zoumitsira ndere zinkakhala chete, anthu ankachapa, kumetana, kukwatitsa ana ndi kukamba milandu.

Feliya, katswiri wa ng'anjoyo, ankadana nalo tsikulo, chifukwa mafuta akasiya kutuluka makina oziziritsa kuchipatala ankachepetsedwa mphamvu, odwala n'kumawira ndi kutentha kwa kuchigwa. Anavutikira zaka zambiri mpaka anapanga timibulu todziyeretsa tokha: tina tikamagwira ntchito, tina tinkawotcha mwaye wake. Ng'anjo inasiya kuzima. Anthu anamuimbira nthungululu, kenako anagawidwa m'magulu osinthana, popeza ng'anjo yosazima imafuna ndere tsiku ndi tsiku.

Mwamuna wake Dausi, woumitsa ndere, anagwera gulu lina. Ankakumana pakhomo, wina akuvula nsapato wina akuvala. Mawu anachepa, otsalawo anali olasa. Tsiku lina Dausi anatenga bulangete n'kukagona kwa mnzake, nati adzabwerera ankhoswe awo akakhala pansi.

"Nanga akhala liti?" anafunsa Mafulesi, mnzake wa Feliya wapantchito, akudya mbatata pamthunzi wa thanki.

"Amalume akapuma, ankhoswe a kuchimuna ali pantchito. Iwo akapuma, amalume ali kumaiwe," anayankha Feliya.

"Ndiye watipangira ankhoswe amiyala, amoyo n'kusowa," anatero Mafulesi. "Asisi, nzeru zakozi. Ine tsitsi ili silinaone chipeso chiyambireni mvula."

Feliya anafuna kuseka, koma anangoyasamula.

Madzulo ake anaimbira amalume ake, a Sitima, amene ankakonza maboti. Nkhope yawo inatulukira pagalasi la foni, maso ali psuu.

"Amalume, bwanji tingolumikizana tonse pagalasi? Aliyense ali komwe ali."

"Ndinawafunsa anzanga a kuchimunawo," anayankha a Sitima. "Akana. Akuti ukwatiwu tinaumanga titakhala pamphasa imodzi, nkhuku tinadyera mbale imodzi. Akuti munthu wapagalasi akakwiya amangodina n'kuzimiririka, pomwe wapamphasa amachita manyazi kunyamuka. Ine sindinawatsutse, mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye pemphani tchuthi."

"Ndinapempha. Kompyuta ya magulu inati tchuthi chilipo cha maliro ndi matenda. Inandifunsa kuti wamwalira ndani."

"Munati chiyani?"

"Ndinati sanamwalire, akudwala. Inati dzina la wodwala. Ndikanalemba kuti banja?"

Mwezi unatha, wina n'kutha. Mafuta ankatuluka oyera kuposa kale, mathanki ankadzaza, ndipo kuchipatala makanda ankagona mozizira bwino. Feliya ankayenda pakati pa mapaipi ngati munthu wosenza mtolo wosaoneka. Nthawi zina ankaima pakawindo ka ng'anjo n'kumaonerera timibulu take tikuvina m'nthunzi, toyera ngati nyenyezi zimene sizidziwa kuti kwacha.

Tsiku lina masana mlonda anamuitana kugeti. Anapeza Dausi ataima ndi njinga, chikwama atamangirira kumbuyo.

"Ndikupita kwathu ku Ngabu," anatero. "Ndati ndisachoke ngati mbala."

"Abambo, dikirani pang'ono. Amalume akuyesetsa."

"Ndadikira, mayi. Mkamwini wogona kwa anzake, anthu ayamba kundiseka."

"Tiyeni tingokambirana awirife. Pompano."

Dausi anayang'ana pansi. "Tinayesa awirife. Mukudziwa mmene zinathera."

"Ndikhoza kuizimitsa ng'anjoyi," anatero Feliya motsitsa mawu. "Mchere wodzaza manja awiri m'thanki ya ndere, timibulu tonse tifa. Anthu apuma sabata yathunthu."

"Nanga ana akuchipatala aja?"

Feliya anatembenuka n'kuyang'ana ng'anjo.

"Musatero," anatero Dausi. "Munapanga chinthu chabwino. Ine sindinanenepo kuti n'choipa." Anakonza chikwama chimene chinali chokonzeka kale. "Ankhoswe akadzapeza tsiku, akudziwa kwathu."

Anakwera njinga. Feliya anamuyang'ana akudutsa pakati pa maiwe mpaka anasanduka kadontho m'kunyezimira kwa dzuwa. Belu la gulu lamasana linalira, ndipo anabwerera mkati.

Anakhala pampando wake kutsogolo kwa ng'anjo. "Timibuluti tingagwire ntchito mpaka liti tisanafune kupuma?" anafunsa.

"Malinga ndi mmene ndikuonera, zaka makumi anayi," inayankha ng'anjo. "Mwachita bwino, mayi Feliya. Kodi ndiwonjezere moto? Ndere zina zafika."

"Wonjezera."

Anatsamira khoma lofunda, natseka maso pang'ono. Zaka zonse zija ankaganiza kuti tsiku lozimitsa ng'anjo linali lotayika, osadziwa kuti sabata yonse anthu ankatha kusenza zolemera chifukwa panali tsiku limodzi lotulirapo.