Waya wa Kuseri kwa Mpopi

Madzulo ena mmisiri amene anthu ankamutcha Wamagetsi ankapukuta fumbi m'kanyumba ka pampu pamene inveta inalira koyamba. Inveta ndi bokosi lotuwa lija la pakhoma, limene limalamula liwiro la mota yokoka madzi pansi pa chitsime. Analimanga yekha, ndipo chiyambire tsiku limene mpopi unalavula madzi, anthu a m'mudzimo ankamupatsa moni ndi manja awiri. Koma tsikuli bokosilo linangoti tswii, tswii, ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko, zilembo zofiira zikuthwanima pakagalasi kake. Mota inazima. M'kanyumbamo munadzaza fungo la tsitsi lopsa.

Anadina batani lodzutsira, pampu inayambanso. Mawa lake nthawi yomweyo, chimodzimodzi, ndipo ulendo uno inakana kudzuka mpaka kutacha. Kabuku ka bokosilo kankati zilembozo zikutanthauza kuti magetsi akuthawira m'nthaka. M'mawa uliwonse ankayeza ndi mita yake: mota ili bwino, fani ikuzungulira, zomangira zonse n'zothina. Koma amayi akangomaliza kutunga madzulo, kulira kuja kunkayamba, agalu a m'mudzi monse n'kumayankha. Iye ankangotseka chitseko n'kuchoka msangamsanga, msana ukuchita nyesi.

Thanki inasiya kudzaza. Anthu anabwerera kumtsinje, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. M'sabata imodzi anaika m'manda ana awiri.

Mphekesera zinamera ngati bowa. Wina anati anamva munthu akutsokomola pansi pa chitsime. Wina anati anapeza mapazi ozungulira kanyumba kaja katatu, osaoneka kumene analowera. Ndipo aliyense ankadziwa amene amatunga pomalizira: azakhali a mkazi wa Wamagetsiyo, amene analera mkaziyo kuyambira ali wakhanda. Anali mayi wamasiye wokoka mwendo, ndipo ankadikira kuti mzere uthe chifukwa sankatha kulimbana ndi atsikana pampopi.

Komiti ya madzi inaitanitsa msonkhano. Wapampando anayang'ana Wamagetsi pamaso pa mudzi wonse.

"Amisiri, tiuzeni zoona. Zakukanikani?"

Kuvomera kuti sakudziwa kunamulemera kuposa thumba la simenti.

"Ine ndayeza zonse," anatero, maso ali pansi. "Izi si za magetsi ayi."

Sanatchule dzina la munthu, ndipo pambuyo pake ankadzitonthoza ndi zimenezo. Koma anthu sanafunikire dzina. Masana omwewo anasasula denga la azakhali aja, kuswa mbale zawo, n'kuwatulutsa m'mudzi ndi miyala. Podutsa pakhomo pa Wamagetsi, magazi akutsika pachipumi, mayiwo anaima.

"Apongozi, inu mumadziwa makina. Auzeni anthuwa."

Iye anayang'ana nsapato zake. Mkazi wake ankafuna kuthamangira kunja, koma anamugwira dzanja zolimba. Patapita masiku atatu anthu anawapeza azakhali aja pansi pa mlatho wa kumsewu, atauma kale.

Tsiku limene anawaika, bokosi linaliranso. Anthu anati mankhwala awo akadali m'nthaka. Wamagetsi, amene sanalawe kanthu chichokere kumanda, analowa m'kanyumba kaja n'kuchita chimene mantha ankamuletsa masiku onsewo: anazimitsa magetsi n'kuyeza nthawi yomweyo, osadikira m'mawa. Singano ya mita inagwa, kusonyeza kuti magetsi akuthawiradi m'nthaka. Anatsata njira ya waya mpaka kuseri kwa mpopi, pamene madzi otayika tsiku lonse ankadikha, n'kuyamba kukumba ndi manja.

Anapeza pamene iye mwini analumikiza mawaya awiri. Tsiku lomanga lija anthu ankamufulumizitsa kuti aone madzi, ndiye anangokulunga ndi tepi, n'kudziuza kuti adzabwera kudzamata bwino. Sanabwerenso. Madzulo aliwonse chinyezi chinkafika pamenepo, usiku n'kuumanso. Tepiyo inali itasanduka khala, ndipo fungo la tsitsi lopsa linkachokera m'manja mwake.

Anakonza mbandakucha, popanda womuona. Madzi anabwerera, bokosi linakhala chete. Amayi anaimba pampopi kuti mfiti yapita ndi zake, ndipo wapampando anamugwira chanza pomuyamikira kuti anaona zimene maso wamba sakanaona. Kachidutswa ka waya wopsa uja anakabisa pansi pa bokosi la zida.

Kuyambira pamenepo, akamatseka kanyumba ka pampu madzulo, ankamva chigwiriro cha ndowa chikulira kumbuyo kwake, ndi phazi limodzi likukhwekhwereza pansi. Akacheuka, palibe munthu. Tsiku lina potsekula anapeza simenti yanyowa kuchokera pakhomo mpaka pansi pa inveta, mzere umodzi wautali, pamene kiyi anagona m'thumba mwake. Kunyumba mkazi wake ankamuikira chakudya osamuyang'ana, ndipo iye ankalephera ngakhale kumupempha madzi akumwa. Thupi linatha, lamba n'kumaboola mabowo atsopano.

Lachisanu lina m'mawa, mzere wa pampopi uli wautali, anafika ndi kachidutswa kaja m'manja. Anaima pasimenti n'kuulula zonse: za tepi, za chinyezi, za bodza la pamsonkhano. Anati ana awiri aja ndi azakhali aja anaphedwa ndi ulesi wake ndi manyazi ake, ndipo ngati pali woyenera miyala ndi iyeyo. Atamaliza anadikira, mutu uli pansi.

Palibe anatola mwala. Wapampando analandira kawayako, kukatembenuza, kukanunkhiza, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Pepani, amisiri. Akuzunguzani mutu."

"Ayi, bambo, ndikunena zoona. Ndine ndinalakwitsa."

"Munthu wabwinobwino sadziitanira miyala," anatero wapampando motsitsa mawu. "Ndipo wakufa sagwira ntchito yotere yekha. Alipo amene anamusiyira mankhwala, amene amakuphikirani."

Pampopi madzi ankasefukira m'ndowa imene palibe anaichotsa. Mkazi wa Wamagetsi anali pakati pa mzere, chidebe chili m'manja. Mayi amene anali patsogolo pake anasendera kutsogolo, wa kumbuyo anabwerera m'mbuyo, ndipo wina anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa miyendo.