Bwato Lopendama Motsata Dzuwa

Ndayenda m'madoko ambiri ndipo bodza ndimalimva kafungo lisanafike, koma iyi ndinaimva kwa anthu awiri osalawa mowa: kalipentala mwini nkhani, ndi wowotcherera zitsulo amene anam'mangirira migolo pansi pa bwato lake.

Kalipentalayo anakhala zaka makumi awiri kuseri kwa nyumba ya apongozi ake aakazi. Mayiwo sankalalata, ankangotsonya. Mkamwini akakhoma shelefu, tsonyo. Akapanga mpando, iwo kuugwedeza ndi chala chimodzi, tsonyo. Tsiku lonse ankakoka kampando kawo pakhonde kutsata dzuwa, miyendo itanona mankhwala onunkha a nyamakazi.

Atamwalira, bamboyo analumbira kuti sadzagonanso pa dothi la munthu. Anati amanga nyumba yoyandama, pamadzi popanda mwini. Miyezi isanu ndi itatu anacheka, kupala, kumata phula. Matabwa atamuthera, anakazula a pakhonde la malemuwo n'kuwayala pansi m'bwatomo. Akazi ake atamuletsa, anayankha kuti thabwa lilibe chibale. Iwo anangoti adzakwera tsiku limene kapu ya tiyi idzakhale patebulo osatayikira.

Analikankhira m'madzi Loweruka m'mawa. Linapendamira kum'mawa.

Anakalipira wowotcherera kuti mgolo wina ukulowa madzi. Anaigogoda yonse khumi ndi iwiri, yonse inalira mouma. Ndiye anasenza miyala isanu kuika mbali inayo, thukuta kamukamu, mpaka kathovu ka mu levulo, chida chake choyezera kupendama, kanaima pakati. Anapita kukadya. Pobwerako, bwato linali litagonera kumadzulo, madzi akunyambita khomo. Anasamutsa miyala ija akung'ung'udza. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yathunthu bambo wamkulu akungoyenda ndi miyala, anthu pagombe n'kumamufunsa ngati amaiyanika.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anataya miyala yonse m'madzi, naitana wowotcherera kuti akhale m'katimo, aone ndi maso awo. Kunalibe mphepo. Madzi anali phee. Dzuwa litafika pamutu, kathovu kanayamba kuyenda. Pang'onopang'ono. Thabwa linalira pakhomo. Lina linalira patsogolo pake. Kenako kweee, ngati mwendo wa mpando ukukokedwa.

Wowotcherera ananong'ona: "Achimwene, mwapaka chiyani m'miyendo?"

"Palibe."

"Nanga fungoli?"

Anali mankhwala a nyamakazi. Ndipo kumbuyo kwawo, pafupi ndi shelefu yatsopano, panamveka tsonyo. Limodzi. Lalitali.

Wowotcherera anapezeka ali kumtunda, nsapato atazisiya m'bwato. Kalipentala akuti mantha anabwera pambuyo, chinayamba ndi mkwiyo. Anaponya levulo pansi.

"Mayi, ngakhale pamadzi? Ndithawire kuti ine?"

Thabwa linangolira.

Anaganiza zozula pansi ponse, koma ndiye kuti agumule makoma, miyezi ina itatu. Atawafotokozera akazi ake, sanadabwe n'komwe. Anati amayi awo sanalakwire munthu, akungofuna dzuwa basi, ndipo mawu awo aja a kapu ya tiyi sanasinthe.

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu bamboyo anatenga sowo. Anafolera makonde onse awiri a bwatolo kuti pasafike dzuwa, naboola denga pakati penipeni pa bwato, n'kuikapo galasi lalikulu. Pansi pake anakhomerera kampando ka malemu aja ndi misomali inayi, akulankhula yekha kuti zaka makumi awiri anapangira mayiwa mipando osamva zikomo, lero akuwapangira ndi denga lomwe.

M'mawa mwake kathovu kanali pakati. Masana, pakati. Madzulo akazi ake anabwera ndi kapu yodzaza, kuiika patebulo, kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kukatenga mapoto awo.

Ine ndinamwamo tiyi m'bwato limenelo, sanatayike. Koma pampando uja sakhalapo munthu, ndipo kukachita mitambo bwato limagwedezeka popanda mphepo, uku ndi uku, ngati wina akusowa pokhala. Potsika, kalipentala anandionetsa mzere woyera umene anajambula m'mbali poyeza kulemera kwa anthu awiri ndi katundu wawo. Tonse atatu, ine, iye ndi akazi ake, tinali titaima kumtunda. Mzerewo unali pansi pa madzi.