Wokankha Galimoto Yosafa

Matenda a Ilda adayamba pakati pa sabata, ndipo atagona nawo masiku awiri namwino wa ku Mualadzi adaitanira mayi ake panja n'kuwauza mosapsatira. Mwana wapingasa m'mimba. Akufunika dokotala wong'amba, ndipo akufunika lero lomwe. Mvula idali itakokolola mlatho wa msewu waukulu, moti ambulansi sikadafika. Njira idatsala imodzi, ya odula mitengo, yodutsa m'nkhalango n'kukatulukira pa tala pafupi ndi Cassacatiza. Kuchokera apo n'kuwoloka malire, ulendo wa kuchipatala cha ku Katete.

Galimoto nayonso idali imodzi m'dera lonselo, ya a Simão, atsibweni ake a Ilda. Idali Toyota yakale, Landikuluza ya bokosi kumbuyo. Idabwera ndi apadiri, nkhondo itatha idatuta anthu obwerera kuchokera ku Zambia pamodzi ndi mbuzi ndi malata awo, ndipo apadiri atapeza yatsopano adaisiyira a Simão, omwe adali dalaivala wawo. Kuyambira pamenepo munthu sukadakhala nawo pansi osamva ulaliki.

"Kampani imeneyi ku Japan idayamba n'kupanga makina olukira nsalu," ankatero. "Munthu wozolowera ulusi sakondwa ndi chinthu choduka. Ndiye mukudabwa chiyani? Iyi siifa."

Madalaivala a ku Cassacatiza ankawavomereza. Ankati galimoto ya mtundu umenewu imaika mwini wake m'manda, iyo n'kupita kwa mwana. Ndipo sankanama, motolo wake, injiniyo, udali usadatsegulidwepo. Chomwe a Simão sankachitchula mu ulaliki wawo n'choti bateriya idafa kalekale, ndipo iwo sadagule ina. Nyengo yokolola ikafika, mlamu wawo, a Gaspar, ankawakumbutsa. "Mawa, alamu," ankayankha. "Yaulesi ndiyo imadalira bateriya." Pakadafunda padajiwitsa galu, koma munthu wonyada ndi galimoto umuuza chiyani?

Kunyumba ankaiimika pa chulu. M'njira lamulo lidali limodzi: motolo suzimitsidwa pokhapokha pa mtsetse. Kwina konseko padali a Gaspar, mwamuna wa a Albina, bambo ake a Ilda. Adali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kulankhula. Adakankha galimotoyo zaka zambiri, mpaka utoto wa chitseko cha kumbuyo udasupuka malo awiri, pomwe pankakhala zikhatho zawo. Anthu akamatama galimoto yosafa, a Gaspar ankangopukuta thukuta.

Adayala matiresi m'bokosi, adagoneka Ilda, adamangira lona pamwamba. A Albina adakhala pansi n'kutsamiritsa mutu wa mwana wawo pa miyendo. A Gaspar adaponyamo nkhwangwa, khasu, ndodo yansungwi ndi mbatata zophika.

"Mafuta akwana?" adafunsa.

"Akafika ku Cassacatiza, tikapanda kusochera."

"Mtsinje wa Chimwala ndiwo ukundidetsa nkhawa. Kumtunda yagwa usiku wonse."

"Iyi idawoloka Chimwala madzi akufika m'mipando," adatero a Simão. "Kwerani, alamu."

Idatsika pa chulu, idatsokomola, idalira. Adalowa m'nkhalango dzuwa lisadatenthe.

Msewu wa odula mitengo udali mizere iwiri chabe m'udzu wotalika kuposa munthu. Pena mizereyo inkasowa, a Gaspar n'kutsika kukaifunafuna ndi phazi. Mtengo wa mombo udagwa mopingasa njira, iwo adaudula motolo ukungolira. Pa kamtsinje kalikonse ankatsogola wapansi, akugwaza pansi pa madzi ndi nsungwi, kenako n'kukodola ndi dzanja. Akashembe adawaluma mpaka khosi lidatupa. M'bokosi Ilda ankabuula, a Albina akumunyowetsa milomo ndi nsalu. Chakumasana kubuulako kudayamba kuchepa, ndipo zimenezo zidawaopsa a Albina koposa.

Adatsikira m'dambo lalikulu, lathyathyathya, lamatope akuda. A Gaspar adaona ndowe zikadali kufuka nthunzi ndipo adagogoda padenga. Njovu zidatulukira m'tchire kutsogolo kwawo, gulu lonse, ana ali pakati. Yaikazi yaikulu idatembenuka n'kuyang'ana komwe kunkachokera phokoso.

"Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono," adanong'ona a Gaspar pawindo. "Musazimitse."

Njovuyo idatambasula makutu, idakweza chitamba, idalira mpaka galasi lidanjenjemera. Idaponda kawiri kulunjika kwa iwo. Dzanja la a Simão lidapita lokha, ndipo motolo udati zii. Ndani wa ife sakadanjenjemera pamenepo? Njovu idaima, idanunkhiza mphepo, kenako idatsata zinzake. Zidadutsa mosafulumira, zikuthyola nthambi, mpaka msana womaliza udalowa m'tchire.

"Mwazimitsa, alamu," adatero a Gaspar. Sadakweze mawu.

"Ilira. Iyi siikana."

Adapotoza kiyi. Ngakhale kakuti kwe sikadamveke. A Albina adasuzumira kunja kwa lona n'kuyang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, ndipo a Simão adayang'ana pansi.

A Gaspar adayenda kutsogolo, adasowa m'udzu, adabwerako matope ali m'mawondo. "Mtsetse ulipo umodzi, wotsikira ku Chimwala. Tiidutsitse damboli kaye."

Adadula nthambi n'kuziyala kutsogolo kwa matayala. Adakumba matope ndi khasu. A Simão ankakankhira pachitseko, dzanja limodzi lili pa chiwongolero. A Albina adamanga chitenje m'chiuno n'kuima pambali pa amuna awo. Galimoto inkasuntha phazi limodzi, n'kuima. A Gaspar ankatola nthambi za kumbuyo, kukaziyala kutsogolo, n'kubwerera pa malo awo awiri osupuka aja. Chitsulo cholimbacho chidali cholemera zedi, ndipo ulaliki wa a Simão sudachipeputse ngakhale pang'ono.

Dzuwa lidapendeka. Mvula idayambiranso, yamadontho akuluakulu. Zikhatho za a Gaspar zidang'ambika, adazikulunga ndi malaya. Adasanza mbatata zomwe adadya, adapukuta pakamwa, adaikanso phewa.

"Ababa," adaitana Ilda motsitsa.

"Ndili pano, mayi. Tatsala pang'ono."

Adafika pamwamba pa mtsetse ndipo onse atatu adaima kuyang'ana pansi. Mtsetsewo udali waufupi ndi woterera. Kumapeto kwake Chimwala adali atasefukira, wofiira, akuthamanga ndi zitsa ndi mabango. A Gaspar adatsika n'kuzika nsungwi m'mphepete mwa madzi. Asadabwerere n'komwe pamwamba, madzi adali ataizungulira.

"Muyese kaye kuya kwake," adatero a Simão.

"Nthawi yake palibe. Akukwera. Tikadikira tigona kuno, ndipo mwanayu safika mawa." A Gaspar adamasula malaya m'manja n'kuwataya. "Ikalira idzalirira pamadzi penipeni. Pamenepo simungaime. Mulunjike mkuyu uwo kutsidya, musacheuke. Ine ndigwira chitseko."

"Abambo a Ilda, manja anuwo," adatero a Albina.

"Kwera, ugwire mwana."

A Albina adakwera, a Simão adakhala pa chiwongolero. A Gaspar adachita chizindikiro cha mtanda, adaika zikhatho, adakankha. Galimoto idayamba kutsetsereka. A Simão adalowetsa giya n'kutula phazi. Idatsokomola kamodzi, idakana, matayala adangokhwekhwereza m'matope. A Gaspar adathamanga nayo akuitsindika ndi chifuwa. Idatsokomolanso, matayala akutsogolo ali kale m'madzi, kenako idabangula n'kulavula utsi wakuda. A Gaspar adadumpha n'kugwira m'mphepete mwa chitseko.

Madzi adafika m'zitseko, adalowa m'bokosi. Galimoto idatsetserekera cham'mbali, idagwira mwala, idapitirira ikubangula. Matiresi adayamba kuyandama. A Albina adakumbatira Ilda ndi manja onse awiri, atamukweza mutu, mwendo atakoletsa ku chitsulo. Pafupi pomwepo adaona zala za amuna awo pachitseko, zamagazi, thupi lonse madzi akulikokera kumunsi. Akadatambasula dzanja akadawafikira. Akadatero Ilda akadapita. A Gaspar adawayang'ana n'kupukusa mutu.

Chitsa chidabwera ndi madzi n'kuwagunda m'nthiti. Zala zidatseguka.

Galimoto idatuluka kutsidya, idakwera mtunda madzi akukhuthuka m'bokosi, motolo osaphonya ngakhale kamodzi. A Simão adaiimika pafupi ndi mkuyu uja, motolo ukulira, n'kutsika akuseka. "Ndidakuuzani, alamu." Adazungulira kumbuyo ndipo kuseka kudathera pomwepo. Adathamangira kumtsinje, adatsata gombe akugwa ndi kudzuka m'mabango, akuitana mlamu wawo. Madzi okha ndiwo ankamveka.

"Achimwene," adaitana a Albina. "Kwerani."

"Tiwasiye m'madzi?"

"Akankhira mwanayu. Mukufuna akhale atakankha pachabe? Kwerani."

A Albina sadalire. Nkhope yawo idauma gwa, ndipo a Simão adawaopa. Adakwera n'kuyendetsa.

Adafika pa tala, adawoloka malire, adalowa pachipatala kukuyamba kuda. Ilda adamung'amba ndipo adapulumuka. Mwana adali wamkazi, wamng'ono, wamoyo. Ilda atatsitsimuka adayang'ana uku ndi uku n'kufunsa za ababa ake.

"Akubwera m'mbuyo," adatero a Albina, ndipo adatulukira panja. Kumeneko ndiko adakalirira, atagwira khoma.

Madzi ataphwa, owotcha makala adapeza thupi m'mabango kumunsi kwa Chimwala n'kutumiza uthenga pamalire. A Albina adasiya Ilda m'manja mwa msuweni wawo wa ku Katete, ndipo iwo ndi a Simão adanyamuka atapempha anthu odutsa kuti awakankhe. Pa Cassacatiza mbiri idali itafika kale. Madalaivala adaizungulira galimoto, akuisisita, akuloza pomwe padalekeza matope.

"Yawoloka Chimwala wodzaza, agogo ameneyu. Tidanena kuti siifa."

A Simão sadatsike pa chiwongolero. Dalaivala wina wa lole, Inocêncio, adafunsa chifukwa chomwe sakuzimitsira motolo. Atamva, komanso atamva komwe akupita, adapukusa mutu. "Maliro sakankhidwa m'njira, madala." Adakatenga bateriya yake yapadera n'kuimangirira, motolo ukulira. A Simão adathokoza osayang'ana kumaso kwake. Njira yonse sadazimitse, mwa chizolowezi komanso mwa mantha.

Adawatenga a Gaspar atakulungidwa mu mphasa, adawagoneka m'bokosi momwe mudagona Ilda, adasomeka nthambi zaziwisi kutsogolo ndi kumbuyo. Chimwala adali atabwerera m'mawondo. Atalowa ku Mualadzi anthu adatuluka m'nyumba kudzamva za Ilda, adaona nthambizo, amayi adayamba kulira asadauzidwe kanthu. A Simão sadakwere pa chulu. Adaimika pabwalo la siwa, pathyathyathya, n'kuzimitsa.

Adaika maliro mawa lake, a tchalitchi akuimba mvula ikuwaza. Litapita tsiku lina padafunika kukatenga Ilda ndi khanda, ndi kukamuuza. A Albina adakwera kutsogolo atavala zakuda. Amuna a pamudzi adapita kumbuyo kuti akankhe, ndipo aliyense adasakasaka pogwira, kupewa malo awiri osupuka aja.

"Talekani kaye," adatero a Simão.

Adapotoza kiyi. Idalira nthawi yomweyo, kamodzi kokha, popanda kutsokomola. Amuna aja adachotsa manja n'kubwerera m'mbuyo. Maso a a Simão adapita okha pa kagalasi koonera kumbuyo, pomwe zaka zonsezi ankaonapo mutu wa mlamu wawo utawerama. Adaonamo bwalo ndi nkhuku.

A Albina adamvetsera motolo uja kwa kanthawi, manja ali pa miyendo.

"Basi?" adafunsa. "Achimwene, kanthu kake kadali kabateriya komweko?"