Adija Azula Nthochi Yake

Adija ankakhala kwa Malemia, ku Domasi. Anali ndi nthochi yakeyake. Inali imodzi yokha. Anaibzala yekha kuseri kwa bafa. Ankafuna kuti ibereke mkoko waukulu.

M'mawa ankaithirira. Madzulo ankaithirira. Mbuzi ikangoyandikira, inkaona zakuda.

Bambo ake, a Abasi, anali ndi munda wa nthochi kumunsi kwa nyumba. Munda umenewu ndi umene unkadyetsa banja lonse.

Tsiku lina Adija anaona zachilendo pa nthochi yake ija. Masamba atsopano anali ang'onoang'ono. Anali opapatiza. Anali ataima mothinana ngati tsache.

Adija anachita mantha. Matendawa ankawadziwa. Alangizi a zaulimi anawaonetsapo kusukulu. Dzina lake ndi chisaka. Chisaka chilibe mankhwala. Nthochi ikadwala chisaka amaizula.

"Yangayi sazula," anatero Adija chamumtima.

Anatenga chitenje cha amayi ake. Anaifunditsa nthochi ija. Koma kodi matenda amaopa chitenje?

"Adija, chitenje changa chija wachiona?" anafunsa amayi.

"Chili kuseri, Amama. Nthochi ikumva kuzizira."

Amayi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anangopukusa mutu.

M'mawa mwake Adija anavundukula chitenje. Anaona tizilombo takuda, tambirimbiri. Timeneti ndi nsabwe za nthochi. Ndi timene timanyamula chisaka. Tina tinali ndi mapiko. Kamodzi kanauluka. Kena kanauluka. Mphepo inkatikankhira kumunda kwa bambo ake.

Adija anayang'ana nthochi yake imodzi. Anayang'ana nthochi za bambo ake, munda wonse. Misozi inalengeza m'maso. Kenaka analiyatsa liwiro.

"Baba, tabwerani. Nthochi yanga yadwala. Ndinaibisa."

A Abasi anafika. Anayang'anitsitsa masamba aja.

"Ndi chisaka, mwanangu. Wachita bwino kunena."

"Ichira, Baba?"

"Ayi, sichira. Koma zinazo tikhoza kuzipulumutsa."

Anayamba ndi nsabwe. Amayi anasungunula sopo m'ndowa ya madzi. Adija anathira madziwo pamasamba onse. Nsabwe zinafa.

Kenaka a Abasi anagwira khasu.

"Ndiyambe ine, Baba," anatero Adija.

Anakumba akulira. Anakumba, anakumba. Atatopa, bambo ake anamulandira. Anazula nthochi yonse, ndi mizu yomwe. Anaiduladula. Anaikwirira m'dzenje lakuya. Tisaname, Adija zinamuwawa kwambiri.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse Adija ankayendera munda. Ankasuzumira tsamba ili. Ankasuzumira tsamba ilo.

"Iyi ili bwino, Baba. Iyinso ili bwino."

Loweruka lachitatu anaima.

"Iyi yadwala, Baba."

Anaithira madzi a sopo. Anaizula. Anaikwirira.

Loweruka lina, panalibe yodwala. Mwezi unatha, panalibe yodwala. Miyezi itatu inatha, panalibe yodwala. Chisaka chinagonja.

Mvula inagwa. Masamba anatambasuka, aakulu ndi obiriwira. Mikoko inalendewera munda wonse. Mkoko wina unali wautali ngati Adija yemwe.

A Abasi anaudula. Anaunyamula akubuula. Anauika panjinga kuti apite nawo kumsika. Njinga inapendama. Njinga inagwa. A Abasi nawonso anagwa chagada, miyendo m'mwamba.

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Adija anaseka mpaka kukhala pansi.

A Abasi anadzuka akusasa fumbi.

"Mlandu ndi wako, Adija. Ndiwe unapulumutsa mundawu."

"Ndiye mukonzeke, Baba," anatero Adija. "Chaka chamawa mugwanso."

Adija anagwira kuno. Amayi anagwira uko. Bambo anagwira pakati. Mkoko unakwera panjinga, ndipo onse atatu anaikankha mpaka kumsewu.